Matayala Oyera M'mbali

1. Mthuthuthu wa a Saulosi

M'chaka cha 1956, anthu akumudzi okhala ndi mthuthuthu m'dera lonse la Namitete anali owerengeka. Mmodzi mwa iwo anali a Saulosi, atsibweni ake a Nasoni. Anabwera nawo kuchokera ku migodi ya malasha ku Wanki, kumene anasiyako unyamata wawo pamodzi ndi mphamvu za mwendo wakumanja.

Unali mthuthuthu waukulu, wakuda, wolemera ngati ng'ombe yapagoli. Unali ndi chishalo chotambalala ndi kampando kena kumbuyo. Ukalira, nkhuku zinkathawira pansi pa nkhokwe.

Mwendo uja utayamba kuvuta kwambiri, a Saulosi sankathanso kuponda chitsulo cholizira injini. Ndiye anaphunzitsa Nasoni, mwana wa mlongo wawo, amene anali atangomaliza kumene sukulu ya ku mishoni. Kuyambira pamenepo Nasoni ndiye ankayendetsa, eni ake atakhala kumbuyo. Koma tisabise, mnyamatayu ankaiwala msanga kuti mthuthuthuwo si wake.

Tsono Nasoni anali atapeza mbeta. Dzina lake anali Elube, wa m'mudzi wina kupitirira Nsaru, cha ku Kabudula. Anadziwana ku mishoni, mtsikanayo atabwera kudzadwazika mayi ake. Awiriwa anagwirizana, ndipo chotsala chinali chakuti a Saulosi akaonekere kwa atsibweni a Elube, a Goliati. Ankhoswe awiriwa asanakhale pa mphasa imodzi, panalibe za ukwati.

Tsiku loyamba limene anapangana linalephereka chifukwa cha maliro. Lachiwiri linalepherekanso chifukwa tayala lakumbuyo linang'ambika asanafike ndi patali pomwe. Apa a Goliati anatumiza mawu olimba.

"Loweruka likudzali ndidzakhala pakhomo mpaka dzuwa lifike pamutu. Akapanda kubwera, ndidzadziwa kuti n'zamasewera. Mwana wa mlongo wanga si mbeta yosowa oifuna."

Ndipo sankangoopseza ayi. Kunali mtchona wina, Jonas, wobwera kumene kuchokera ku Joni ndi masutikesi ndi galamafoni. Abale ake anali atayamba kale kudutsadutsa pakhomo pa a Goliati, ati kudzapereka moni.

2. Bango

Lachinayi madzulo, dzuwa lisanalowe, a Saulosi anaitana mphwawo.

"Khala pansi, Nasoni. Ayi, osati pa mthuthuthupo. Pansi."

Nasoni anakhala, koma mtima uli kale ku Lilongwe.

"Mawa ukwera basi kupita ku boma," anayamba a Saulosi. "Ukagule matayala awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo, chifukwa onse atha. Utenge lakale ili kuti akaone kukula kwa limu, chitsulo chimene tayala limavala. Koma limu si nkhani yonse. Ukuliona bango ili? Ndalidula molingana ndi kunenepa kwa tayala loyenera. Ukaligoneka chopingasa pamsana pa tayala, tayalalo lisapose bangoli. Likaposa, ulisiye pomwepo, ngakhale akupatse ulere."

"Ndamva, atsibweni."

"Sunamve, wangoyankha. Sendera kuno. Ukuona pakati pa tayala ndi madigadi ophimba gudumu apa? Zala zanga zikulowa, eti? Mpata umenewu sanauike kuti ukongoletse ayi. Ndi njira ya matope. Dothi la kwathu kuno si mchenga. Ndi katondo. Mvula ikagwa limamata ngati ulimbo, ndipo likasowa potulukira limadzazana m'madigadimo mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Ndipo mvula yayamba kale, sindikukuuza za chaka chamawa.

"Chachiwiri, uyang'ane mano. Tayala la kumudzi limakhala ndi mano akuluakulu, otalikirana, oluma pansi. Ukaona losalala, la timizere ting'onoting'ono, limenelo ndi la msewu wa phula. Nanga kuchokera pano mpaka ku Kabudula phula uliona kuti? Kuli madambo, kuli mizere ya ngolo, kuli timilatho ta mitengo. Tayala losalala pa katondo wonyowa n'chimodzimodzi kuponda therere."

"Zonsezi munandiuza kale, atsibweni."

"Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. Mvetsera. M'tauni ukapeza anthu odziwa kulankhula. Akakuuza ichi n'chatsopano, icho n'cha masiku ano. Usawatsutse, ungowafunsa ngati adzabwere kudzakukankha ukatitimira. Ine ku Wanki ndinaona mnzanga wina atagula matayala chifukwa chokongola. Mthuthuthu unatsala bwinobwino, mwini wake ndiye amene anatha mano. Tayala sakondera nkhope, mphwanga. Ndi phazi. Kodi unaonapo munthu akusankha phazi chifukwa choyera?"

Nasoni anayasamula mobisa. Kunena zoona, a Saulosi akayamba malangizo sankadziwa pothera, ndipo mnyamatayo anatopa nawo mpaka kufuna kulira. Anatenga bango lija n'kuliponya m'thumba la malaya.

"Ukwati ndi wako," anatsiriza a Saulosi. "Ine ndikungokubwereka mwendo umodzi ndi pakamwa."

3. Ku boma

M'mawa mwake Nasoni anatsika basi ku Lilongwe atakoleka tayala lakale paphewa. Asanapite patali anamva munthu akumuitana. Anali Wilson, mnzake wa ku sukulu, amene tsopano ankagwira ntchito ya umesenjala m'tauni. Tsitsi anali atalicheka seda, chipeso chili m'thumba la pachifuwa.

"Iwe Nasoni! Wanyamula chiyani ngati munthu wogulitsa nsapato za matayala?"

Nasoni anachita manyazi. Anamufotokozera zonse: za Elube, za Loweruka, ndi za Jonas wa galamafoni. Wilson anati amuperekeza, popeza iye ndiye ankadziwa masitolo.

Analowa m'sitolo ya mmwenye wina wogulitsa zitsulo za njinga ndi magalimoto. Mwini sitolo anayang'ana tayala lakale lija, n'kupita kuseri. Anabwerako ndi matayala awiri akuda bii, a mano akuluakulu. Nasoni anatulutsa bango n'kuligoneka pamsana pa tayala. Linakwana ndendende, ngati anadulira pomwepo.

Nkhani ikanathera pamenepa, bwenzi mutu uno uli waufupi. Koma Wilson anali atayang'ana kukhoma.

"Nanga awo?"

Pakhomapo panapachikidwa matayala ena awiri. Anali onenepa, osalala, a timizere tosanjikana bwino. Ndipo m'mbali mwake anali oyera mbee, ngati kolala ya abusa. Nasoni anali asanaonepo chinthu chotere chibadwire.

"Awo anaitanitsa mzungu wina wa ku Zomba, koma anasamuka asanawatenge," anatero mwini sitolo. "Limu ndi yomweyo, mtengonso sindikweza. Koma inu bambo mumakhala kuti?"

"Ku Namitete."

Mwini sitolo anapukusa mutu. "Tengani akudawa."

Wilson anakokera Nasoni pambali. "Iwe, ganiza bwino. Ukukapikisana ndi munthu wa ku Joni. Iye akaliza galamafoni mudzi wonse umasonkhana. Iwe ukafika ndi chiyani? Matayala a mano ngati a thirakitala? Adzati kwabwera alangizi a fodya. Koma utafika ndi awa, ngakhale a Goliatiwo adzaimirira. Elube adzayenda mutu uli m'mwamba mwezi wathunthu."

Nasoni anameza malovu. Anapempha kuti atsitse tayala limodzi, ndipo anagonekapo bango lija. Tayala linaposa uku, linaposanso uku. Bango linkaoneka ngati kachitsotso.

"Likuposa," anatero ndi mawu otsika.

"Likuposa chiyani? Bango?" Wilson anaseka mpaka anthu ena m'sitolomo anacheuka. "Munthu wopita ku sukulu ukuyeza zinthu za ku Ulaya ndi bango? Bisa, anthu akukuona. Tayala lonenepa ndiye lamphamvu, zimenezo ngakhale mwana akudziwa. Akuluakuluwa amaopa chilichonse chatsopano. Tsobola wakale sawawa, mnzanga."

"Nanga mvula ikagwa?"

"Tayang'ana kunja. Mtambo uli kuti?"

Kunjako dzuwa linali likuswa mtengo. Nasoni anayang'ana matayala akuda aja, n'kuyang'ananso oyerawo. M'maso mwake anaona ana a m'mudzi wa Elube akuthamangira mthuthuthu, amayi atagwira pakamwa, Jonas atazimitsa galamafoni yake.

"Ndipatseni oyerawa," anatero.

Mwini sitolo anakweza mapewa n'kuyamba kumanga. Tayala lakale Nasoni analisiya pakhonde la sitolo, poopa kuti lingadetse atsopanowo. Bango analithyola pakati n'kuliponya m'ngalande.

4. Mpata wa tsamba

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka. Mayi ake, a Marita, ndiwo anayamba kuwaona, ndipo anaomba m'manja.

"Koma abale, zinthu zokongola zilipo pa dziko!"

A Saulosi anatuluka m'nyumba akutsimphina. Anaima. Anayang'ana matayala, anayang'ana Nasoni, anayang'ananso matayala. Kenaka anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu.

"Bango lija lili kuti?"

"Linathyoka, atsibweni."

"Linathyoka lokha?"

Nasoni anayang'ana pansi.

"Koma ndi okongola, achimwene," anatero a Marita.

"Achemwali, chonde, musandionjezere!" A Saulosi anakhala pa mpando ndi mphamvu. "Dzulo ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma. Nkhuku zinamva. Mbuzi zinamva. Munthu mmodzi yekha amene ndinkamuuza ndiye sanamve. Kodi akuda kunalibe?"

"Analipo."

"A mano?"

"Analipo."

"Bango linakwana?"

"Linakwana."

"Ndiye iwe unaona chinthu choyenera, unachigwira ndi manja ako, n'kuchisiya! Mayo ine! Kukanakhala bwino ukanandinamiza kuti kunalibe, bwenzi ndikukwiyira mmwenye. Tsono ndikwiyire ndani? Ndimenye mwana wa mlongo wanga mawa lake ndikukamufunsirira mkazi? Chikomekome cha mkuyu, Nasoni, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu unaulemba pa sileti ku sukulu. Unkaganiza kuti akunena za nkhuyu zokha?"

Zobweza kunalibe. Basi yopita ku boma inali itadutsa kale, ndipo tsiku lopangana linali mawa lake. Tayala lakale lakumbuyo linali pakhonde la sitolo ku Lilongwe. Anangoyenera kumanga omwewo.

Anavutika nawo kufikira thukuta litatsika. Atapopa mpweya n'kubwezera magudumu, a Saulosi anayesa kulowetsa chala pakati pa tayala ndi madigadi. Sichinalowe. Anathyola tsamba la mango n'kulilowetsa. Tsambalo ndiye linalowa, koma mokhula.

"Tingochotsa madigadiwo," anatero Nasoni.

"Akutsogolo tingachotse. Nanga akumbuyo? Kampando kanga kamangidwa pamenepo. Ufuna ndikhale pa tayala?" A Saulosi anadzuka akugwira bondo. "Tidzanyamuka tambala atangolira. Ndipo iwe amene umayimba kwaya, upemphere kuti kumwamba kuume."

5. Katondo

Loweruka kunacha bwino. A Saulosi anavala suti yawo ya ku Wanki, imene inkatuluka m'bokosi pa zinthu zikuluzikulu zokha. Nasoni anaponda chitsulo, injini inalira, ndipo ananyamuka.

Msewu unali wouma. Matayala atsopano ankayenda mofewa, osagwedeza ngati akale aja. Nasoni anayamba kuimba mluzu.

"Mwamva kufewa kwake, atsibweni?"

"Yang'ana kutsogolo."

Atafika pa Nsaru, zimene Wilson ananena zinachitikadi. Ana anathamangira mthuthuthu akukuwa. Atelala anasiya makina n'kuimirira. Nasoni mtima unakwera m'mwamba, ndipo m'malo mopitirira anazungulira msika wonse pang'onopang'ono. A Saulosi anamugogoda pamsana ndi chibakera.

"Iwe! Tabwera kudzavina? A Goliati ali pa msika pano?"

Koma atapitirira Nsaru, nthaka inayamba kusintha. Kumeneko mvula inali itagwa usiku wonse. Msewu unali wofiira psuu, wonyezimira, ndipo ngolo zinali zitaukumba mizere. Nasoni analeka mluzu.

Pa kamtsetse koyamba gudumu lakumbuyo linayamba kuvina. Linapita kumanzere, linapita kumanja. Nasoni anaponda buleki, ndipo pamenepo ndiye anaonjeza. Mthuthuthu unagona chammbali mwaulemu, n'kuwatula onse awiri m'matope.

A Saulosi anadzuka pang'onopang'ono. Anayang'ana suti yawo. Mbali imodzi inali yakuda monga kale, inayo inali yofiira kuyambira paphewa mpaka kuphazi. 

Anaudzutsa n'kukweranso. Sanapite patali, injini inayamba kubuula ngati ikukoka chitsa. Kunamveka fungo la mphira wopserera. Kenaka mthuthuthu unaima wokha.

Nasoni anatsika n'kusuzumira. Katondo anali atadzazana m'madigadi, wolimba ngati njerwa yosaotcha. Gudumu silinkatembenuka ngakhale pang'ono. Za kuyera kwa m'mbali kuja musafunse. Tayala lonse linali chibuma chofiira.

"Thyola kamtengo," anatero a Saulosi. "Tokosa."

Nasoni anathyola kamtengo, koma mpata unali wochepa moti sikanalowe. Anafuna kena kakang'ono, ndipo kanathyokera m'kati. Anagwiritsa sipanala, anagwiritsa zala mpaka zikhadabo kutuluka magazi. Gudumu litamasuka anakwera, anayenda pang'ono, ndipo linagwiranso. Anatokosanso. Linagwiranso. Anamasula madigadi akutsogolo n'kuwamangirira pambali, ndiye matope onse a gudumulo anayamba kumuthira kumaso. Lakumbuyo linapitiriza kugwira monga kale.

"Chitsulo chopusa ichi!" anakuwa Nasoni, n'kuumenya theche mthuthuthu. Chala chaphazi ndicho chinamva.

"Usachitukwane," anatero a Saulosi. "Chakhala chikuyenda msewu uno iwe usanamere ndevu. Sichinapite chokha ku sitolo."

Mvula ikakuona litsiro sikata. Mitambo inasonkhana kuchokera cha ku Nambuma, ndipo inayamba kugwa ya madontho akuluakulu. Pamene inkakata, a Saulosi anayang'ana kumwamba. Dzuwa linasuzumira m'mitambo lili pamutu penipeni. Nasoni naye analiona: nthawi ya a Goliati inali itakwana.

"Tiusiye," anatero a Saulosi.

Anaukankhira pa mudzi wina wapafupi, n'kupempha bambo wina amene ankaokera fodya kuti awasungire m'chigafa. Kenaka anauyamba wapansi. Koma mwendo wa a Saulosi sunali woyendera mtunda. Anayesa ndi ndodo, akupuma pafupipafupi. Atafika pa dambo lalikulu, madzi ali m'mawondo, mwendowo unakaniratu.

Nasoni anawerama. "Kwerani, atsibweni."

Anawabereka. Ndipo a Saulosi pakamwa panatseguka tsopano, khutu la Nasoni lili pafupi.

"Wamva kulemera kwanga, eti? Ndi mmene mthuthuthu umamvera, koma sudandaula ukaupatsa phazi loyenera. Mvera tsono, poti pano sungathawe. Kulakwa kwako si kugula tayala loipa ayi. Matayala aja ndi abwino, kwawo. Kulakwa kwako n'kwakuti unapita ku sitolo ndi maso a anthu ena. Unkaganiza za amene adzakuone ukufika, osaganiza za njira yokufikitsa. Mnzako wa seda uja ali kuti tsopano? Ali pouma, akumwa tiyi. Amene akukunyenga sasenza nawe katundu, mphwanga. Ndipo banja limene ukulifunali lili ndi madambo ake oposa ili. Ukamadzasankha zinthu kuti anthu aombe m'manja, mkazi wako ndi ana ako ndiwo adzayende wapansi. Samala, apo pali dzenje!"

Nasoni sanayankhe kuti anamva kale. Anangoluma mano n'kumaponda.

6. Pakhomo pa a Goliati

Anafika dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Palibe mwana amene anawathamangira. Amayi amene ankasinja analeka n'kumayang'ana anthu awiri ofiira ngati atuluka m'dzenje la njerwa. Wina anaseka, mnzake n'kumutsina.

Pakhonde la a Goliati panali mphasa yatsopano, koma inali itapindidwa n'kutsamiritsidwa kukhoma. A Saulosi anaiona ndipo anapuma mozama.

"Iwe ukhale apo," anauza Nasoni, akuloza kuseri kwa nkhokwe. "Izi ndi za ankhoswe."

Kuseriko Nasoni ankamva zonse. A Goliati anatuluka, munthu wamtali wa imvi, ndipo analonjera alendo mwaulemu wozizira. Anaitanitsa mpando. Koma a Saulosi sanakhale pa mpandopo. Anatsamira ndodo, n'kupinda mwendo wawo wovuta uja pang'onopang'ono, nkhope itakwinyika ndi ululu, mpaka anagwada pa dothi lonyowa.

Nasoni anali asanaonepo atsibweni ake atagwadira munthu. Ngakhale m'tchalitchi ankakhala pa benchi chifukwa cha bondolo.

"Pepani, bambo," anatero a Saulosi. "Takuchimwirani. Mthuthuthu watikanika m'matope. Ine ndine mwini wake, ndipo ine ndiye ndinayenera kuonetsetsa kuti uli bwino tisananyamuke. Cholakwa ndi changa. Musalange ana chifukwa cha ine."

Nasoni anagwira nsichi ya nkhokwe. Manyazi anamugwira kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo misozi inatsika n'kusakanikirana ndi matope a kumaso.

A Goliati anasendera pafupi. Kenaka anawagwira dzanja a Saulosi n'kuwadzutsa.

"Dzukani, bambo, mwendo umenewo si wogwadira. Ndakumvani, ndipo ndaona mmene mwafikira. Munthu wamasewera sawoloka dambo lija. Koma inenso mundimve. Ndakhala pa mphasa iyo kuyambira m'mawa, abale anga atandizungulira. Dzuwa linafika pamutu. Ndinaonjezera nthawi, mpaka anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Pamenepo ndinatuma mwana kwa abale a Jonas kuti abwere mawa tikatuluka m'tchalitchi. Mawu amenewo apita kale, sindingawathamangire."

"Ndiye tabwera pachabe?"

"Sindinatero. Mugone konkuno. Mawa inu mudzakhale uku, iwo adzakhale uko. Ine sindidzasankha. Tidzamuitana mwini wake Elube, anene yekha pamaso pa anthu."

Patapita kanthawi, Elube anatuluka m'nyumba ya mayi ake atanyamula ndowa ya madzi ofunda. Anali atavala chilundu chatsopano ndi mpango watsopano, zimene anavala kuyambira m'mawa. Maso ake anali otupa. Anagwada n'kupereka madzi kwa a Saulosi, kenaka anatenga ndowa ina n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe.

Anaitula patsogolo pa Nasoni osamuyang'ana.

"Elube," ananong'ona Nasoni. "Mvula ija..."

"Mvula yagwa ndi kuno komwe," anatero Elube. "Azakhali anga awoloka dambo lomwelo m'mawa, wapansi, mwana ali kumsana. Afika dzuwa lisanakwere."

Elube anapitiriza.

"Miyezi yonseyi ndakhala ndikukuikirani kumbuyo. Amayi akati Jonas, ine ndimati ayi. Anzanga akati anthu a ku Namitete ndi onama, ine ndimati simukuwadziwa. Lero andiseka mpaka ndathawira m'nyumba." Apa ndipo anadzutsa maso n'kumuyang'ana. "Ndamva atsibweni anu akuti cholakwa ndi chawo. Koma pogwada paja sanayang'ane atsibweni anga, anayang'ana kuno. Mundiuze zoona, a Nasoni, chifukwa mawa akandifunsa ndifuna ndidziwe munthu amene ndikumuyankhira. Wakuchedwetsani ndani?"

Nasoni anayang'ana kukhonde. A Saulosi anali atakhala pa mpando, akusisita bondo limene linali litatupa ngati dzungu. Iwo anali atamutsekera kale nkhaniyo, ndipo Nasoni akanangoti "ndi mmene anenera atsibweni," palibe akanamutsutsa.

Madzi a m'ndowa ankafuka nthunzi. Elube sanasunthe. Anapinda manja pachifuwa n'kumadikira.